Ndinkafukula Mtedza wa Mulungu

Chaka chachisanu cha ukwati wanga, mawu amene ndinkawaopa kuposa njoka anali oti kubala. Munthu akangowatchula, kaya akunena za mango, kaya za mbuzi yake, ndinkayang'ana pansi n'kuyamba kukonza chitenje chimene chinali chokonzeka kale.

Kwathu ndi ku Nsaru, koma ndinakwatiwa chitengwa chakumpoto kwa Kabudula. Mayi anga sanakondwe nazo, poti kwathu mwamuna ndiye amabwera kudzakhala kwa mkazi. Koma amuna anga anali ndi munda wa fodya ndi chigafa chimene sakanachisiya, ndipo atsibweni anga, amene anali ankhoswe, anavomera. Ine ndinapita ndikuseka. Mwamunayo ndinkamukonda, wofatsa, wosamwa mowa, wolankhula ngati mawu amachita kugula.

Pamudzipo akazi anzanga onse ankaitanidwa ndi mayina a ana awo, mayi a uje, mayi a uje. Ine ndinatsala mtengwa. Chaka choyamba dzinalo linkakoma. Chaka chachisanu, atsikana amene ndinawapeza akusewera fulaye anali atabereka ana kumbuyo, ine ndikadali mtengwa yemweyo.

Apongozi anga aakazi sankandikalipira. Akanakalipa bwenzi zili bwino, chifukwa pakamwa ndinali napo ndipo ndikanawayankha. Iwo ankalankhula ndi nkhuku. Ndikamasesa pabwalo, iwo amatuluka ndi gaga m'mbale n'kuyamba: "Iwe thadzi iwe, kudya kokha ndiye umatha, eti? Mazira ayi. Tikuona kumene uthere." Munthu ungayankhe bwanji mawu onenedwa kwa nkhuku? Ndinkangosesa mwamphamvu mpaka fumbi kuwafikira.

Zoyesa ndinayesa. Mizu yowawa ndinamwa mobisa, ngakhale ndinali Mkhristu wodya mgonero. Kuchipatala ndinapitanso, ndipo atandiyeza anati sakuona chovuta, ndibwerenso ndi amuna anga. Nditawauza, iwo anati nthawi ya fodya munthu sachoka pamunda, tidzapita. Fodya anatha, wina anayamba, ndipo ine ndinachita manyazi kukumbutsa.

Tchalitchi chathu chinali chaching'ono, cha njerwa zosawotcha, ndipo abusa ankabwera mwa apo ndi apo. Masabata ambiri ankalalikira ndi mkulu wa mpingo wina amene anagwira ntchito zaka zambiri ku Chitedze, m'minda yoyeserera mbewu, asanapume n'kubwerera kumudzi. Munthuyo dothi ankalikonda ngati ndiwo. Akafika pamunda pako amatola dothi, kulifikisa m'manja, kulinunkhiza, kenako n'kukuuza zolakwa zako zonse. Tinkamuseka koma tinkamumvera.

Sabata lina la mu Okutobala, kukutentha, mizere itatha kale ndipo aliyense akungoyang'ana kumwamba, mkuluyu anawerenga fanizo la wofesa mbewu. Atatseka buku anavula magalasi.

"Inu a kuno kufesa mumakudziwa, eti? Ndiye sindikuvutitsani. Mbewu ndi Mawu a Mulungu, ndipo ndi yabwino, yosafumbwa. Nthaka ndi mtima wako. Mtima wina uli ngati msewu wa ngolo uwu, wouma gwa. Mawu angogwera pamwamba, akhwangwala atola. Wina ndi lubwe, kadothi pamwamba, pansi mwala. Umamera msanga, kuimba kwaya mwezi umodzi, dzuwa likawomba wafota. Wina ndi nthaka yabwinobwino koma muli kaufiti. Kodi kaufiti mumamudziwa?"

"Timamudziwa!"

"Maluwa ake okongola, koma pansi akuyamwa chimanga chako. Ndiwo madandaulo a dziko lino. Tsono nthaka zitatu zonsezi mlandu wake ndi umodzi. Sizibala. Mwamva? Sizibala. Mvula igwe, feteleza muthire, sizibala."

Ine ndinakhala mbali ya amayi, pakati penipeni. Mawu aja anawabwereza mpaka ndinasiya kumva za nthaka yachinayi, ya katondo wabwino. Mayi amene anakhala pambali panga anasuntha mwana wake, kumuchotsa pamwendo wa kufupi ndi ine n'kumuika pa winawo. Mwina mwendo unangotopa. Koma ine ndinamva ngati tchalitchi chonse chatembenuka kuyang'ana mimba yanga.

Ndiye mkuluyo anafunsa, monga amachitira alaliki pofuna kudzutsa ogona: "Kodi munda wosabala mwini wake amautani?"

Bambo wina kumbuyo anafuula: "Amausiya!"

Anthu anaseka. Mkuluyo anasekanso n'kupitiriza. Apongozi anga anati "Ameni" mokweza, iwo amene Ameni wawo nthawi zonse ankathera m'mphuno.

Potuluka, mkuluyo anaima pakhomo ndi beseni la mtedza wosenda, n'kumapatsa aliyense wodzaza dzanja. Anati tikaudzale m'mphepete mwa munda, kuti tikamaupalira tizikumbukira kupalira mitima yathu, ndipo tikakolola tidzabwere nawo pa tsiku la masika. Kwa anthu ena zinali zosangalatsa chabe. Ena anayamba kutafuna asanafike n'kumsewu komwe. Ine ndinamanga wanga pakona ya chitenje, mfundo ziwiri.

Sabata lomwelo, tili pamjigo, alamu anga, mlongo wawo wa amuna anga, anandiuza akupopa madzi osandiyang'ana. "Mulamu, musadzati sindinakuuzeni. Amayi akuti tikakolola ankhoswe akhale pansi. Akuti achimwene sangafe opanda mwana." Ndinafunsa kuti nanga achimwene awowo akuti chiyani. Anati achimwene angoti tiona.

Kuyambira tsiku limenelo mantha anga awiri anasanduka amodzi. Ndinkaopa kubwezedwa ku Nsaru ndi mtolo pamutu, anthu akuloza kuti chumba uja wabwera. Ndinkaopanso kuti Mulungu naye wandiyeza kale n'kundipeza lubwe. Ndinkaganiza kuti mimba yanga yatsekeka chifukwa mtima wanga ndi woipa, ndipo zoipa zake ndinkazidziwa: ukali, mizu ija ndinamwa, ndi nsanje imene inkandigwira mnzanga akamayamwitsa. Choncho ndinapangana ndi Mulungu pangano limene Iye sanalipemphe. Ndinati mtedza uwu ukamera, ndiye kuti ndine nthaka yabwino ndipo simunanditaye. Ukapanda kumera, ndadziwa.

Mvula yodzalira itagwa, ndinasankha malo kuseri kwa chigafa, kumene sikudutsa munthu, poopa kuti pangakhale pamsewu. Ndinakumba n'kutola timiyala tonse, kamodzikamodzi, poopa lubwe. Udzu ndinazula ndi mizu yomwe. Kenako ndinakumbukira akhwangwala. Ine amene ndinayamba kudzala mtedza ndisanamere mabere, amene ndikudziwa kuti mtedza umafuna chala chimodzi basi, ndinalowetsa dzanja lonse m'dothi mpaka pamfundo. Ndinakwirira, kupondaponda ndi chidendene, n'kuyalapo nthambi za minga kuti nkhuku zisapalase.

Tsiku lachitatu m'mawa, ndisanasese n'komwe, ndinapita kukaona. Panalibe kanthu, monga mmene payenera kukhalira tsiku lachitatu. Koma mtima sunandilole. Ndinachotsa minga, kufukula phando limodzi, kutulutsa kambewu kaja n'kukatembenuza m'manja. Kanali katatupa pang'ono. Ndinakabwezera n'kukwirira. M'mawa mwake ndinafukula awiri. Tsiku lina ndinapeza kamuzu koyera katatuluka, ndipo pofuna kukaonetsetsa kanathyokera m'zala zanga. Ndinakhala pansi m'matope momwemo.

Ndinkadziwa kuti ndikulakwitsa. Musaganize kuti ndinali chitsiru. M'mawa uliwonse ndinkadziuza kuti lero sindifukula, ndipo m'mawa uliwonse ndinkapezeka nditagwada, zikhadabo zodzaza dothi. Mvula inagwa yambiri masiku amenewo, madzi otsika padenga la chigafa n'kumathera pomwepo. Mbewu zina zinawola n'kumanunkha. Zina zinachita nkhungu yakuda. Patatha masabata awiri mtedza wa anthu onse unali utamera, wanga ziii.

Apongozi anga wawo anangouponya kuseri kwa bafa, kukanda ndi phazi, n'kuiwala. Unamera wonse, wobiriwira, masamba onenepa. Ndinkaudutsa tsiku lililonse popita kukasamba. Ndinafika poganiza zouthira madzi otentha, ndipo ganizo limenelo linandiopsa kuposa china chilichonse, chifukwa linanditsimikizira mtundu wa mtima umene ndinali nawo.

Ndinasiya kupita kutchalitchi. Sabata loyamba ndinati mutu, lachiwiri ndinati m'mimba, lachitatu sindinanene kanthu. Belu likamalira ndinkalowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Kupemphera ndinkalephera. Ndikangoyamba, ndinkamva liwu la bambo uja wa kumbuyo.

Lachinayi lina masana, anthu ali kumunda, mkulu wa mpingo uja anafika pa njinga yake. Kunali kuyendera ofooka. Ndinamuyalira mphasa pakhonde, ine n'kukhala pansi chapatali.

"Mayi, takusowani. Kodi n'kwabwino?"

"N'kwabwino, abambo."

"Nanga mtedza wathu uja ukukula bwanji?"

Ndinayesa kunama koma pakamwa panakana. Ndinangodzuka n'kumutsogolera kuseri kwa chigafa. Anagwada, kuchotsa minga, n'kuyamba kukumba ndi zala. Anakumba, kukumba, mpaka anapeza kambewu kowola. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Aaa, mayi! Uku n'kudzala kapena kuika maliro? Ndiponso pafukulidwa apa. Ndi mbewa?"

"Ndine."

"Inu? Kangati?"

"Tsiku lililonse."

Anayamba kuseka, koma ataona nkhope yanga kuseka kunathera panjira. Ine misozi inali itayamba kale, ndipo ikayamba misozi ukali umabwera pambuyo pake. Ndinaiwala kuti ndikulankhula ndi mkulu wa mpingo.

"Munanena nokha kuti munda wosabala amausiya. Tchalitchi chonse chinaseka. Ine ndakhala pano zaka zisanu osabala. Akakolola akundibweza kwathu. Ndimafuna ndidziwe ngati Mulungu naye wandisiya, ndiye ndadziwa."

Mkuluyo anavula chipewa, akadali chogwada.

"Mayi, ine ndinkanena za mtima."

"Munati kubala."

"Kubala kwa mtima."

"Mtima umabala chiyani?"

Anayamba kuwerenga pa zala zake zamatope: chikondi, kuleza mtima, chifundo, kukhululuka, kukhulupirika. Sindinamulole kumaliza.

"Ndiye kuleza mtimako ndikubereke kumbuyo ndipite nako kusikelo? Apongozi anga akuone akondwe?"

Ndinkayembekeza kuti andidzudzula. Sanatero. Anati fanizo limeneli walalikira kambirimbiri, koma sanaganizepo kuti mawu oti kubala akawoloka kupita mbali ya amayi amakafika ndi mano. Anati bambo uja anayankha molakwa, ndipo iye anayenera kumukonza pomwepo, koma kuseka kwa anthu kunamukomera. "Mlimi weniweni sathawa munda, mayi. Ndaona minda ya lubwe ikuswedwa ndi piki, kuthiridwa manyowa zaka ndi zaka. Ngati ife anthu timatero, kuli bwanji Mwini wake? Mtedza uwu wafa chifukwa mwaukwirira kwambiri ndiponso simunaupatse mpata. Za mtima wanu sunanene kanthu. Mtedza sulankhula."

Ndinamva, ndipo pang'ono pokha pachifuwa panapepuka. Koma mawu ake sakanaletsa ankhoswe kukhala pansi. Ndiponso Sabata lotsatira, nditalimba mtima n'kupita, mkuluyo anaimirira n'kunena kuti akufuna kukonza zimene ananena tsiku lija, kuti kubala kwa m'fanizo si kubala ana, ndipo pasapezeke wonyoza mnzake. Ankafuna kundithandiza, bambo wachifundo uja. Koma pamudzi ponse wosabereka ndinali ndekha, ndipo nthawi imeneyi anthu anatembenukadi.

Dzinja linapita. Tinapalira, kubandira, kuthyola fodya, kusoka, kupachika. Ine ndinkagwira ntchito ngati ndalembedwa ganyu, ndikuganiza kuti mwina akaona mphamvu zanga adzandisunga. Chimanga chikamauma m'munda, ine ndinkauma nacho. Anthu ankakondwera kuti chaka chino kuli dzinthu, ine ndinkaona nkhokwe zikudzaza n'kumadziwa kuti masiku anga akutha. Uthenga unapita ku Nsaru, ndipo atsibweni anayankha kuti abwera Loweruka la sabata lachiwiri.

Kutatsala masiku asanu, tinali awiri m'chigafa masana, tikusankha fodya wotsiriza. Amuna anga anadzuka, kupisa dzanja mu udzu wa denga, n'kutulutsa kajumbo ka shuga kopindapinda. M'kati munali pepala. Anandipatsa osandiyang'ana.

"Ndi chiyani?"

"La kuchipatala. Chaka chatha, nditapita kukagulitsa mabelo a fodya ku okushoni, ndinapita kukayezetsa ndekha. Anati vuto lili mwa ine. Akuti ndi matsagwidi aja ndinadwala ndili mnyamata wamkulu kale. Akuti sindingapereke mimba."

Zoti vuto lingakhale mwa mwamuna sizinandibwererepo m'mutu, ine kapena wina aliyense pamudzipo. Kenako ndinayamba kuwerengera miyezi chobwerera. Chaka chatha. Ndiye kuti tsiku lija la fanizo iwo anakhala mbali ya abambo akudziwa. Amayi awo akamalankhula ndi nkhuku, iwo ankadziwa.

"Kuseri uku, mmene ndinkafukula mtedza, munkandiona?"

"Ndinkakuona."

Ndinawagenda ndi fodya amene anali m'manja mwanga. Ndinatola wina n'kuwagendanso. Ndinawatchula mayina amene sindingalembe pano. Iwo sanadziteteze. Anagwada pansi, mwamuna wamkulu, n'kugwira mapazi anga.

"Chonde, usanene. Ndimafuna udziwe wekha kuti si iwe, usamadzizunze. Koma zikamveka, ine pamudzi pano sindingakhalepo. Sindingakhale ndi moyo."

Ponena zimenezi anakweza maso n'kuyang'ana mitanda ya chigafa, imene timapachikapo fodya. Anangoyang'ana kamphindi kochepa, koma ndinaona. Ukali wanga wonse unasanduka madzi ozizira kumsana.

Masiku asanu amenewo sindidzawaiwala. Chingwe cha ng'ombe ndinachibisa pansi pa mphale. Botolo la mankhwala opopera fodya ndinakaliponya m'chimbudzi. Amuna anga akapita kudimba ndinkapeza chifukwa chowatsatira, ndipo akachedwa kubafa ndinkaima panja n'kumatsokomola mpaka ayankhe. Ndinkalondera munthu amene sindinkafuna n'kumuyang'ana komwe. Tinkadya osalankhulana.

M'mutu munali nkhondo. Ndikanena, ndapulumuka, dzina langa layera, apongozi atseka pakamwa. Koma mwina ndidzakhala ndapha munthu. Ndikapanda kunena, ndikupita ku Nsaru ndi dzina la chumba mpaka kumanda, ndipo abale awo adzawapezera amuna anga mkazi wina amene adzamwenso mizu yomweyo. Ndinayesa kupemphera. Mawu amene ankabwera anali amodzi mwa aja mkulu wa mpingo anawerenga pa zala, kukhululuka, ndipo ndinkawakankha. Ndinauza Mulungu mosabisa kuti ngati chimenechi ndicho chipatso chimene akufuna, wafika pa mtengo wolakwika. Ndinanena choncho, kenako n'kuopa zimene ndanena.

Loweruka m'mawa atsibweni anafika pa njinga, fumbi mpaka m'maondo. Pakaliyala anamangapo malegeni ambiri, ndipo nditawaona ndinadziwa kuti abwera okonzeka kunyamula katundu. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango pabwalo la apongozi. Amuna anakhala pa mipando: atsibweni anga, amalume awo a amuna anga amene anali ankhoswe a mbali yawo, ndi amuna anga chapambali, mutu uli pansi. Ine, apongozi ndi alamu tinakhala pamphasa.

Amalume awo analankhula mwaulemu, mozungulira. Anati mtengwa wawo ndi wolimbikira, sanabepo, sanagwidwepo ndi mwamuna. Koma banja ndi ana. Adikira zaka zisanu ndipo mbumba ikudandaula. Sakuthamangitsa munthu, akungopempha kuti akapume kaye kwawo. Apongozi anawonjezera kuti iwo akukalamba ndipo akufuna kunyamula mdzukulu manja asanaume.

Atsibweni anatembenukira kwa ine. "Iwe, wamva. Kodi uli ndi mawu?"

Mawu ndinali nawo. Anali pakhosi penipeni, otentha, okonzeka. Ndinayang'ana amuna anga. Manja awo anali pamaondo, mutu ukadali pansi. Sindikudziwa mpaka lero ngati chimene chinandigwira lilime chinali chifundo kapena mantha a mitanda ija. Ndikanakonda kunena kuti chinali chifundo chokhachokha, koma ndikhala ndikunama.

"Ndilibe mawu, atsibweni."

"Ndiye kalongedze."

Ndinadzuka. M'nyumba ndinayala chitenje pansi n'kuikapo zovala zanga, mbale ziwiri zimene ndinabwera nazo, ndi buku langa la nyimbo. Mfundo inandikanika kangapo. Ndinasenza mtolowo n'kutuluka.

Nditafika pakhomo ndinapeza amuna anga ataimirira pakati pa bwalo, kajumbo kaja kali m'manja. Liwu lawo linali laling'ono, lothethekera, koma linamveka.

"Amalume, mkaziyu alibe vuto. Wosabereka ndine. Pepala ili. Ndadziwa chaka chathunthu, ndinangokhala chete. Iye wadziwa masiku asanu, ndipo mwamva nokha kuti sananene."

Apongozi anakuwa: "Khala pansi iwe! Wapenga? Wakudyetsa chiyani ameneyu?" Koma amalume awo anali atalandira kale pepala lija. Analitalikitsa ndi maso, kuliwerenga milomo ikuyenda, n'kulipinda bwinobwino. Anangoti, "Mlongo, khalani chete." Apongozi anafunda chitenje kumutu n'kuyamba kulira ngati pagwa maliro.

Ndinaganiza kuti zatha. Koma atsibweni anga anadzuka, mpando n'kugwa kumbuyo kwawo. Sindinawaonepo atakwiya chotero.

"Zaka zisanu mwana wathu mukumuimba nyimbo pamudzi pano, chikhalirecho vuto lili m'nyumba mwanu momwe! Mwatiitana kudzatichititsa manyazi, eti? Chabwino. Iwe, katundu wamanga kale. Tiye. Ukadali mtsikana, ukapeza mwamuna kwathu, ukabereka ana ako."

Mantha onse amene ndinakhala nawo chaka chimenecho anali aang'ono poyerekeza ndi amene anandigwira pamenepo, chifukwa atsibweni ankanena zoona. Ndikanatha kubereka. Chinthu chimene ndinachilirira, kuchimwera mizu, kuchipempherera mpaka mawu kutha, chinali pakaliyala ya njinga ija. Ndinamuona mwana amene ndikanabereka m'maso mwanga, kulemera kwake ndinakumva kumsana. Palibe akanandinena. Ngakhale amalume awo anangogwedeza mutu kuti mtengwayu ali ndi ufulu.

"Ukuchedwa chiyani?" anatero atsibweni. "Ukakana lero usadzandilirire. Udzakalamba wopanda wokutungira madzi, wopanda wokutseka maso. Ganiza bwino."

Ndinayang'ana amuna anga. Sanandipemphe kanthu. Anaima pomwe paja, manja ali lende, akuyang'ana pansi, munthu amene wadzivula yekha pamaso pa abale ake kuti ine ndisapite ndi dzina loipa. Ukali wanga pa iwo unali usanathe. Unatenga zaka kuti uthe, ndipo nthawi zina umadzukabe. Ndinkadziwa bwino lomwe chimene ndikutaya, ndipo ndinachitayadi. Lero imvi zayamba, m'nyumba mwathu tikadali awiri, ndipo mawu a atsibweni aja amandiopsabe msana ukamawawa pamjigo.

"Atsibweni, pepani kuti mwavutika ulendo. Ine ndikhala."

Ndinatula mtolo uja pansi, pafumbi. Atsibweni anakankha njinga yawo n'kutuluka pabwalo osatsanzika aliyense. Ine ndinangoima, osadziwa kuti ndipite kuti. Amene anadzuka anali apongozi. Anabwera akusisima, nkhope yotupa, n'kuwerama patsogolo panga. Ananyamula mtolowo, kuupukuta fumbi ndi dzanja, n'kukalowa nawo m'nyumba mwanga.